Malume Aona Atesalonika ndi Maso

Malume anga ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Mulanje. Pa makalata onse a Paulo amakonda awiri aja opita kwa Atesalonika, makamaka pamene mtumwiyo akukalipira alesi ofuna kudyera thukuta la anzawo. Ndime imeneyo yatidzutsa m'bandakucha ambirife amene tinakulira pakhomo pawo, khasu lili paphewa, m'maso muli tulo tokhatokha. Tsono mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, atamaliza maphunziro pa Aristotle University ku Thessaloniki m'dziko la Greece, n'kuimba foni kuti makolo abwere ku mwambo, Malume anakhala kaye duu, kenako anafunsa kuti, "Kodi mudziwo ukadalipo?" Iwo ankayesa kuti unathera m'Baibulo momwemo.

Ulipo, ndipo ndi wachiwiri kukula m'Greece monse, kutsatira Athens. Wakhala pagombe pomwepo kuchokera mu 315 Khristu asanabadwe, pamene mfumu Cassander anaumanga n'kuutcha dzina la mkazi wake, Thessalonike, mlongo wake wa Alexander Wamkulu wa kwa mayi wina. Akazi awo a Malume, amene tonse timangowati Azakhali, atamva mbiriyi anayang'ana amuna awo cham'mbali. "Anzanu akutcha mizinda. Inu ndi kagolosale kaja komwe munakatcha dzina la amayi anu."

Ine ananditenga kuti ndizinyamula zikwama ndi kumasulira, ngakhale Chigiriki changa chinali chofanana ndi chawo, ndiye kuti panalibe. Azakhali ananyamula zitenje zisanu ndi ufa woyera makilogalamu awiri, ataukulunga m'juzi ngati khanda.

* * *

M'mawa woyamba tikutsika masitepe a nyumba imene msuweni ankachita lendi, mnyamata wina anatimwetulira nati, "Yasu!" Pakona, mayi wogulitsa buledi naye, "Yasu!" Malume misozi inalengeza.

"Mwamva, amake mwana? Mbewu ya Paulo sinafe. Kuno moni wake ndi dzina la Ambuye."

Masiku awiri athunthu ankayankha aliyense kuti "Ameni", mpaka msuweni analimba mtima. "Adadi, ndi moni chabe ameneyo, akungokufunirani thanzi. Za Yesu mulibemo." Malume anati ngakhale zili choncho, Ameni sanaonongepo kanthu.

Azakhali chinawavuta ndi kalimera, moni wam'mawa. "Akuti tikalimire ndani? Ife tabwera kudzacheza."

Koma liwu limene linatizunza kwenikweni ndi ne. Malume anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Teba, ndipo kumeneko Bunu akati nee ndiye kuti wakukana. Ku Greece ne ndi inde. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anapita okha kukagula madzi akumwa. Analowa m'masitolo atatu, monsemo anafunsa m'Chingerezi ngati muli madzi, monsemo anayankhidwa mwansangala kuti "Ne, ne!", monsemo anathokoza n'kutuluka. Anabwerako kukhosi kuli gwaa. "Anthu awa sindikuwamvetsa. Mabotolo ali mbwee m'firiji, akukumana uku akuseka."

Akafuna kukana, Mgiriki amatukula chibwano ndi nsidze m'mwamba n'kuliza lilime kamodzi. Tinafunsa bambo wina pa siteji ngati basi imene inaima inali yopita kunyanja, iye n'kuchita zomwezo. Malume anaona nsidze nati wavomera. Azakhali anamva lilime nati watitsonya. Tinakwera tili mkati mokangana, ndipo basi inakatitula ku Panorama, pamwamba pa phiri, nyanja ikuoneka kutali ngati mbale ya malata. Sitinalire kwambiri, poti kumeneko ndiko kwawo kwa trigona, timakeke ta makona atatu tonyowa ndi madzi a shuga, todzaza kirimu mpaka kutayikira pa tayi ya mkulu wa mpingo.

* * *

Mlendo aliyense amayambira pa Lefkos Pyrgos, kutanthauza Nsanja Yoyera, imene yaima m'mbali mwenimweni mwa nyanja. Tinafika, tinaizungulira, Azakhali n'kufunsa kuti nanga yoyerayo ili kuti. Nsanjayo mtundu wake ndi wa phala la mgaiwa. Anaimanga ndi mafumu a Ottoman a ku Turkey, amene analanda mzindawu mu 1430 n'kuugwira mpaka 1912. Inali ndende yoopsa moti anthu ankaitcha Nsanja ya Magazi. Nkhani imati mu 1890 mkaidi wina anaipaka laimu yonse kuti amumasule, dzina n'kusinthira pomwepo.

"Ndiye kuti chipakireni 1890?" anadabwa Azakhali. "Ayenera kuti pulezidenti sadutsa msewu uno. Kwathu bwenzi atapaka ndi mitengo yomwe."

M'kati muli njira yokwera mozungulira ngati chigoba cha nkhono, mpaka mamita pafupifupi 34. Malume ankaima pa zenera lililonse, akuti kuti amvetse bwino mbiri, koma mbiriyo ankaimvera m'mawondo. Pamwamba tinachita mwayi, kunja kunali koyera, ndipo kutsidya la nyanja kunaoneka phiri la Olympus, kumene Agiriki akale ankati kumakhala milungu yawo.

"N'lalitali bwanji?" anafunsa Malume.

"Mamita 2,918," anatero msuweni.

Anaseka mpaka chipewa chinatsala pang'ono kugwera pansi. Sapitwa, nsonga ya phiri la kwathu ku Mulanje, ndi mamita 3,002. "Milungu 12, ndi mfumu yawo Zeus yemwe, kupanikizana pa kaphiri kosafika pa Sapitwa! Ndiponso kwathu mizimu ya m'phiri imakuikira chakudya panjira, nthochi zakupsa bwinobwino, bola usaitane mnzako. Awa anadyetsapo ndani?"

"Bambo," anatero Azakhali chapansipansi, "paja ndinu mkulu wa mpingo."

"Ndikungoyerekeza mapiri, amake mwana."

* * *

Kuchokera pa nsanjayo mpaka kudoko, msewu wa Nikis ndi mipando yokhayokha. Linali Lachiwiri, 11 koloko m'mawa, ndipo panalibe mpando wopanda mwini: anyamata amphamvu zawo, atsikana, madoda a ndevu zoyera, aliyense tambula patsogolo, wotafuna palibe, woyang'ana wotchi palibe. Malume anaima manja kumbuyo, mmene amaimira akapeza aganyu atakhala pansi pa mango.

"Mphwanga, ndi omwe aja awa. Sanasinthe. Paulo anawalembera makalata awiri. Yachitatu ndilemba ine."

Mawondo anatikhazika nafenso. Tisanatsegule pakamwa, weta anabweretsa madzi ozizira. Malume anati abwerere nawo, sitinaitanitse. Msuweni anati ndi aulere, kuno ndi mwambo. Malume anamwa, koma maso ali pa lisiti.

Kenako kunabwera frappé. Ameneyu ndi khofi wa m'chitini wamba, madzi ozizira, shuga ndi timiyala ta ayisi, zokhutchumula mpaka thovu litakwera theka la tambula. Anabadwira mumzinda womwewu mu 1957, pa chionetsero cha zamalonda, pamene Dimitris Vakondios, wogwira ntchito ku kampani yogulitsa zinthu za Nestlé, anasowa madzi otentha n'kungokhutchumulira khofi wake m'madzi ozizira. Azakhali anati kwathu mkazi wopereka khofi wozizira kwa alendo amamuitanira ankhoswe, kuno mwamuna wachita zomwezo walowa m'mabuku.

Malume anachotsa kapaipi koyamwira, anagwira tambula ndi manja awiri ngati chipanda cha thobwa, anagugudiza kawiri, anapukuta thovu pandevu. "Tiyeni." Weta anabwera chothamanga kudzafunsa ngati china chalakwika. Kumeneko tambula imodzi munthu amakhala nayo maola awiri kapena atatu, ndipo palibe amakuthamangitsa. Mnyamatayo atamva kuti palibe cholakwa, anawagwira Malume paphewa nati, "Chalara!"

Liwu limeneli ndilo mbendera ya anthu a ku Thessaloniki, ndipo a ku Athens amawaseka nalo. Limatanthauza kuti osapupuluma, dziko silikuthawa. Koma ch wa Chigiriki amatulukira kukhosi, ndiye khutu lathu limamva "khala".

"Akuti ndikhale? Nanga apa ndaima?"

Usiku umenewo khofi anagwira ntchito yake. Malume anawerenga makalata awiri aja onse, tulo osabwera, anapitirira mpaka kwa Timoteo.

* * *

M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, zimene Malume anaziona ngati kusalongosoka kwa boma. Iwo mgonero ndi 7 koloko, 8 koloko nyali yazima. Tinalowa m'nyumba yodyera ina ku Ladadika, dera limene kale kunali mosungira mafuta a azitona, nthawi ili 7 koloko ndendende. Tinapeza mwini wake akudya yekha chakumasana chochedwa, mipando ili pamwamba pa matebulo. Agiriki amayamba mgonero cha m'ma 9 kapena 10, ana aang'ono akuthamangitsana pakati pa matebulo nthawi imene kwathu afiti akunyamuka.

Tinadikira. Chimene Azakhali anayamikira n'choti mbale zonse amaziika pakati, aliyense n'kumapisa, ngati kwathu. Mbale yoyamba itafika, Malume anaimirira.

"Usipa!"

Analidi ngati usipa, tinsomba totchedwa gavros, tokunkhuniza mu ufa n'kukazinga, ndimu ali pambali. Anadya ndi mitu yomwe, akuyang'ana kukhitchini ngati nsima ikubwera. Kunabwera buledi.

Mbale yachiwiri inali masamba owiritsa, othira mafuta a azitona ndi ndimu, dzina lake vlita. Azakhali analawa, anatafuna pang'onopang'ono, anaika foloko pansi.

"Mwana wanga, tandiuza mtengo wake."

Msuweni anawauza. Azakhali anawerengera m'makwacha ndi zala pansi pa tebulo.

"Bonongwe ameneyu. Bonongwe weniweni, womera kuseri kwa khola. Tawoloka nyanja zingati kudzagula bonongwe ndi ma euro? Alibe tomato, alibe nsinjiro. Bambo, tisamukire kuno. Chaka chimodzi chokha tikhoma malata nyumba zonse."

Therere lobala analipezanso, bamies, lophika lathunthulathunthu mu tomato popanda soda, losanyololoka ngakhale pang'ono. Anati ndi therere lopita kusukulu. Koma itabwera chtapodi, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8, mwendo umodzi wowotcha uli pambale ndi timabatani take toyamwira, Azakhali anakankhira mpando kumbuyo. "Ichi ndinachionapo m'maloto, ndipo m'mawa mwake ndinapita kwa abusa."

Za azitona ndiye Malume anazidikira moyo wawo wonse. Alalikirapo za Phiri la Azitona, za mafuta odzozera mafumu, za nthambi yomezanitsa, koma chipatsocho anali asanachilawepo. Anasankha chachikulu chakuda, anatsinzina ngati ali pa mgonero wa Ambuye, analuma. Nkhope inakwinyika kuyambira pachipumi mpaka pakhosi. Anameza chifukwa cha ulemu.

"Tsopano ndamvetsa," anatero. "N'chifukwa chake nkhunda ya Nowa inangothyola tsamba, zipatso n'kuzisiya."

Mwini malo, pokondwa ndi alendo ochokera kutali, anabweretsa timatambula ta madzi oyera mbee, n'kuthiramo madzi ena ozizira ife tikuona. Pompo zinasanduka zoyera ngati mkaka. Malume anaomba m'manja. "Ku Kana madzi anasanduka vinyo, kuno asanduka mkaka!" Msuweni asanamalize kunena kuti "Adadi, ndi ouzo", anali atapapira. Ouzo ndi msuweni wake wa kachasu, kungoti amanunkhira ngati maswiti. Malume, amene mowa anausiya chibwerereni ku Joni, anakhala chete kwa mphindi zingapo, kenako anayambitsa nyimbo ya kwaya, ndipo a tebulo loyandikana anathandiza kuomba m'manja. Tinapangana kuti nkhaniyi isafike ku Mulanje. Inu amene mukuwerenga, ithere pomwepa.

Pomaliza kunabwera mavwende amene sitinaitanitse. Aulerenso. Malume anati mzinda wopatsa madzi ndi mavwende mwaulere koma wogulitsa bonongwe uli ndi vuto la masamu.

* * *

Pa msika wa Kapani Azakhali anali kwawo: nsomba pa ayisi, mitu ya nkhosa ikuyang'ana odutsa, ogulitsa akukuwa ngati a pa Limbe. Kunja kwake anapeza bambo wogulitsa koulouri, buledi wozungulira ngati chibangili, wowaza chitowe, amene anthu amadya akuyenda m'mawa. Anafuna asanu. Posowa mawu, anatambasula zala zonse zisanu, chikhatho chitaloza pamphuno pa bamboyo. Msuweni analumpha ngati waona njoka n'kuligwetsa dzanjalo. Kumeneko zimenezo amati moutza, ndipo ndi chipongwe chokwanira kuyambitsa ndeu pamsewu. Bamboyo anayang'ana chitenje, anayang'ana duku, anaseka, n'kuwonjezera wachisanu ndi chimodzi. Azakhali mpaka lero amati ku Greece ukafuna basela uzitukwana kaye.

Tsiku la mwambo, msuweni atavala gauni, gogo wa nyumba yoyandikana anatuluka, anamugwira masaya, anamuyamikira m'Chigiriki chothamanga, kenako, "Ftu, ftu, ftu!" katatu chakumaso. Azakhali anamanga chitenje m'chiuno. Ine ndinaima pakati. Msuweni anafotokoza kuti malovu sanatuluke, ndipo ndi chikondi: ukayamikira munthu uyenera kutero kuti diso la njiru lisamugwere. Ndi chifukwa chomwecho amapachika kamkanda kobiriwira kokhala ngati diso pa khosi la mwana, m'galimoto, ngakhale pakhomo la sitolo.

"Chithumwa," anatero Malume. "Paulo anachoka msanga kuno."

Pamenepo sananame. Buku la Machitidwe limati analalikira m'sunagoge masabata atatu, anthu anachita chipolowe n'kukaukira nyumba ya Yasoni, ndipo abale anamuthawitsa usiku kupita ku mzinda umene lero amati Veria.

Chinawatonthoza ndi madoda amene ankawaona m'malo omwera khofi, aliyense mikanda ili m'manja, akuiwerenga mosalekeza. Anati ngakhale iwo si a kolona, kupemphera kotere n'kofunika ulemu. Msuweni anati ndi komboloi, ilibe pemphero lililonse, ndi yongoseweretsa zala zikasowa chochita. Malume anatulutsa kabuku m'thumba n'kulembamo. Inali mfundo ya m'kalata yachitatu.

* * *

Mabwinja ndiye ali ponseponse, pakati pa mashopu ndi nyumba zosanjikizana. Malume poyamba anakana kulipira pakhomo. "Kulipira kuti ndione bwinja? Kwathu kuli bwinja la agogo ako, zipupa ziwiri zikadaima, ndani analipirapo?" Msika wakale wa Aroma anautulukira m'zaka za m'ma 1960 akukumba maziko a khoti, ndipo khotilo anakalimanga kwina. Kamara, chipata chachikulu chimene mfumu Galerius anamanga cha m'ma 300 podzitamandira kuti wagonjetsa Aperisiya, lero ndi pokumanira zibwenzi. Msuweni anati wophunzira aliyense akati "tikumane pa Kamara" safunsidwa kuti pati. Malume anafuna kudziwa kuti iyeyo akuzidziwa bwanji.

Chapafupi pali Rotunda, chinyumba chozungulira cha zipupa zochindikala mamita 6. Anachimanga ndi Galerius yemweyo, wozunza Akhristu, cha m'ma 306. Kenako chinasanduka tchalitchi, denga n'kukongoletsedwa ndi timiyala tagolide. Cha m'ma 1590 chinasanduka mzikiti, ndipo nsanja yake yoitanira mapemphero ikadaima pambali. Aturuki atachoka chinabwereranso kwa Akhristu.

"Nyumba iyi," anatero Malume, "yalowa mipingo yambiri ngati alamu anga a ku Ndirande."

Mabwinja omwewo ndi amene anachedwetsa sitima ya pansi pa nthaka. Anayamba kukumba mu 2006, sitima inayenda pa 30 Novembala 2024. Paliponse pamene ankalowetsa fosholo ankapeza manda, mitsuko, ndalama kapena msewu wamakedzana, zinthu zoposa 300,000. Pa siteshoni ya Venizelou umatsika masitepe uku ukuona msewu wamiyala wa nthawi ya Aroma uli pomwepo. Malume anapumira m'mwamba, mtima uli m'malo. "Zaka 18! Ndiye tisamawanene a msewu wa kwathu uja. Mwina nawonso akupeza zakale."

Titakwera, anapita kutsogolo kuti akapereke moni kwa dalaivala. Anapeza zenera ndi kamwana kakuyang'ana njanji. Sitimayo imayenda yokha. Anabwerera, anakhala pansi, anagwira dzanja la Azakhali pagulu, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

* * *

Ku Ano Poli, mzinda wakumtunda, n'kumene kunatsala tinjira topapatiza ndi nyumba zakale, chifukwa moto wa mu Ogasiti 1917, umene unayambira m'khitchini n'kuyaka maola 32, unapsereza kumunsi n'kusiya anthu oposa 70,000 alibe pogona. Kumtundako kuli malinga, amphaka onenepa ogona pa mipando ya njinga zamoto, ndi nyumba ya amonke ya Vlatadon, pamalo pamene anthu amakhulupirira kuti Paulo analalikirapo. Pakhomo tinapeza atsikana awiri achizungu ovala timakabudula akuzengereza kulowa. Azakhali sanafunse chinenero. Anatsegula chikwama, anawamanga zitenje mpaka m'mapazi, anawakankhira m'kati. Malume anaima pabwalo, mzinda wonse ndi nyanja zili kumunsi, anatsegula Baibulo kuti awerenge mokweza. Atangoyamba, pikoko wa amonke analira kumbuyo kwawo ngati mwana wopsa ndi phala. Anadikira. Anayambanso. Pikoko analiranso. Anatseka buku nati chipolowe cha ku Tesalonika sichinathebe.

Potsika anafunsa kuti nanga Ayuda a kuno, zidzukulu za a m'sunagoge muja, ali kuti. Apa msuweni sanaseke. Anati Ayuda ambiri anafika mu 1492 atathamangitsidwa ku Spain, ndipo anachuluka mpaka doko linkatseka Loweruka. Mu 1943 asilikali a Germany anakweza oposa 45,000 m'sitima kupita ku Auschwitz, ndipo obwerako sanakwane 2,000. Manda awo akale anaphwanyidwa mu 1942, ndipo mbali ya yunivesite imene iye waphunzira yaima pamenepo. Anatitengera pa chipilala cha chikumbutso m'kati mwa sukuluyo. Malume anavula chipewa. Kabuku kaja sanakatulutse tsiku limenelo.

* * *

Ulendo wa pa boti tinakwerera ku Ouranoupoli, titayenda pa basi maola oposa awiri, kuti tikaone phiri la Athos. Kumeneko kuli nyumba 20 za amonke, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,000 mkazi saloledwa kupondako. Ngakhale ziweto zazikazi n'zoletsedwa, kupatula amphaka, poti mbewa sizidziwa malamulo. Boti lonyamula akazi liyenera kudutsa mamita 500 kuchokera pagombe.

"Nanga amawaphikira ndani?" anafunsa Azakhali.

"Amaphika okha, Amami."

"N'chifukwa chake ali ndi ndevu. Akubisa kuwonda."

Malume anatsamira chitsulo cha boti, akuyang'ana nyumba zomata pa matanthwe ngati zisa za namzeze. Anausa moyo. "Koma ndiye kuli bata kumeneko."

"Ndi mamita 500 okha, Bambo," anatero Azakhali. "Vulani nsapato, ndikusungirani."

* * *

Tsiku la chisanu ndi chimodzi matupi anayamba kufunsa nsima. Bougatsa wam'mawa, uja wa timapepala ta ufa topyapyala tokutira kasitadi, amene amamuduladula ndi mpeni wokhota n'kuwaza shuga ndi sinamoni, ndi wokoma ndithu, koma Malume anati m'mimba akumveka ngati nkhani yopanda mutu. Azakhali anamasula juzi ija. Mthiko anauiwala, ndiye anagwira supuni yathabwa ya msuweni, n'kuyamba kuvundula uku akuimba nyimbo ya amayi a mpingo, poto akugunda pa chitofu. Nthawi inali 3 koloko masana.

Kunamveka kugogoda. Anali gogo wa malovu uja, tsitsi lili nyankhalala, chala chili pamlomo. M'chilimwe, kuyambira 3 koloko mpaka hafu pasiti 5, ndi nthawi ya bata mwalamulo. Anthu amagona, ndipo wosokosa angathe kuitaniridwa apolisi. Azakhali anapepesa mwa njira imodzi yokha imene amaidziwa: anaomola mtanda n'kumukhazika pansi.

Gogoyo anatema, analawa, anatukula nsidze. Anapita kwake n'kubwerako ndi mchere, botolo la mafuta a azitona ndi chibenthu cha tchizi choyera chotchedwa feta. Anathira zonsezo pa nsima ya Azakhali, ya ufa wokonola, wonyika, woyanika pamphasa ku Mulanje. Azakhali anayang'ana kumbali ngati podutsa maliro. Malume anapempha kulawa.

"Sizoipa," anatero.

Sanayankhulitsidwe mpaka madzulo.

Tsiku lonyamuka Malume anasowa. Tinayang'ana ku tchalitchi cha Agios Dimitrios, kulibe. Ndinakawapeza pa Nikis, atakhala pakati pa madoda atatu osewera tavli, bawo wa kumeneko, tambula ya frappé ili theka, kapaipi kali pakamwa, komboloi ikulira m'zala. Doda wina ankawafotokozera zinazake m'Chigiriki, iwo akungoti, "Ne, ne."

"Malume, ndege. Mwakhala pano nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri okha."

"Nanga kalata yachitatu ija?"

"Ndikufufuzabe, mphwanga. Chalara."

Musaganize kuti anasintha. Mwezi watha ndinafika ku Mulanje 6 koloko m'mawa, ndinawapeza ali kale kumunda, adzukulu ali pamzere ndi makasu, ndime ya alesi ija yawerengedwa kale. Koma kuyambira 3 koloko masana mpaka hafu pasiti 5 chitseko chawo chimakhala chotseka, wailesi yozima, ndipo ngakhale abusa amabwerera pakhonde. Akuti ndi lamulo la Atesalonika. Mukafuna kukawaona, pitani m'mawa.